Mmene a Pepani Anasandukira Chiswamsana

Dzina lawo lenileni linalipo, koma linatha ntchito kalekale. Aliyense pamsewu uja ankawaitana kuti a Pepani, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankayamba kutuluka pakamwa pawo chilichonse chikachitika. Munthu akawaponda phazi m'basi, opepesa ankakhala iwo. Akagunda chitseko ndi phewa, ankachipepesanso chitsekocho. Akazi awo ankakonda kuuza anzawo kuti tsiku lowafunsira, a Pepani anayamba ndi kupepesa, kenaka anapepesa chifukwa chopepesa, mpaka iwo anangovomera kuti nkhani ithe.

Ntchito yawo inali yokonza mipando ya sofa ndi matiresi. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata chifukwa chosenza mipando, ndipo nthawi zambiri ankakhala ataluma timisomali, moti polankhula ankatsegula mbali imodzi yokha ya pakamwa. Shopu yawo inali chipinda chakutsogolo kwa nyumba imene ankakhala. Munali benchi yaitali, makina osokera opalasa ndi phazi, hamala, sizasi yaikulu imene panalibe wololedwa kuigwira, ndi nsalu zopindidwa mpaka kudenga. Sofa ikabwera itabooka pakati, masipuling'i atatulukira ngati nthiti za galu wowonda, a Pepani ankaigoneka chafufumimba n'kuyamba kuisula pansi pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti imva kuwawa.

Anakulira m'manja mwa mlongo wawo wamkulu, makolo atamwalira iwo akadali aang'ono. Achemwali amenewa anali mayi wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, ndipo ndewu zonse zimene a Pepani anayenera kumenya ali mwana anawamenyera ndi iwo. Ndi iwonso anawapereka kwa mkulu wina wokonza mipando kuti aphunzire ntchito, ponena kuti mwana wofatsa chonchi azilimbana ndi zinthu zosabwezera. Atakula, achemwali anakwatiwa kutali, ulendo wa basi wa tsiku lathunthu, ndipo ankabwera kamodzikamodzi kudzaona ngati mlongo wawo akudya, komanso ngati pali amene akumuvutitsa.

Kuseri kwa nyumba kunali bwalo lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Theka lake linali la akazi awo, loyanikapo zovala. Theka linalo linali mulu wa siponji yakale imene a Pepani ankachotsa m'mipando n'kulephera kutaya, poganiza kuti idzagwira ntchito tsiku lina. Muluwo unkakula chaka ndi chaka. Akazi awo, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ankati siponjiyo ikadzafika pakhomo la khitchini iwo adzasamuka, a Pepani n'kutsala nayo ngati mkazi wachiwiri.

Chosangalatsa chawo chinali chimodzi. Loweruka masana ankatseka shopu n'kutsikira kwa Wometa kukaonera masewera ogwetsana pa TV. Wometa anali munthu woonda, wa tsaya losatopa, amene ankatha kumeta theka la mutu n'kuiwala theka linalo nkhani ikakoma. M'kashopu kake munkadzaza amuna. Pa benchi yakutsogolo pankakhala Chiwindi, wogulitsa nyama, chimunthu chimene chikakhala pansi benchi inkadandaula. Anamupatsa dzinali chifukwa matenda alionse, kaya chimfine kaya dazi, iye ankati mankhwala ake ndi chiwindi. A Pepani ankakhala pakona, ndipo wina akamanyamulidwa kuti amenyetsedwe pansi, iwo ankatsinzina n'kufunsa wa pafupi ngati wadzuka.

Loweruka lina, tsiku limene chimphona china chinayenera kukumana ndi kamunthu kochenjera kamene onse ankakakonda, TV inangoti phu. Chithunzi chinafota mpaka kutsala kadontho, ndipo kumbuyo kunatuluka kautsi konunkha waya. Wometa anaiomba mbama kumanja ndi kumanzere, koma inali itapita. Amuna aja anayang'anana. Kenaka Chiwindi anati palibe chimene ataya, chifukwa chimphona chija chikanapambana basi, munthu wamkulu ndi wamkulu. Wometa anatsutsa. Anati kulemera si nzeru, ndipo iye mwini, ndi timiyendo take tomweto, akhoza kugwetsa Chiwindi atafuna. Anthu anaseka, Chiwindi anaimirira, Wometa anavula epuloni. Pamenepo ndi pamene onse anazindikira kuti m'chipindamo muli magalasi atatu, malezala ndi simenti yolimba.

"Pepani," anatero a Pepani pakona paja. "Ngati ndi zogwetsana, kwathu kuli siponji."

Gulu lonse linakwera msewu, kudutsa m'shopu ya mipando mpaka kuseri. Anayala siponji ija mothinana. Wometa anazungulira Chiwindi kangapo, akuvinavina ngati tambala, kenaka anamulowa m'miyendo. Sanamugwetse ndi mphamvu ayi. Chiwindi anabwerera m'mbuyo pothawa kugirigishidwa, phazi linamira m'siponji, ndipo chimunthu chonse chinagwa chagada. Siponji inamulandira, n'kumuponya m'mwamba pang'ono, n'kumulandiranso. Chiwindi anagona pomwepo, maso ali kumitambo, kenaka anayamba kuseka ngati khanda, mimba ikugwedezeka. Anati chikhalire sanagwepo mokoma chonchi, ndipo anapempha kuti amugwetsenso.

Tsiku limenelo aliyense anagwa. Wowotcherera zitsulo anagwa, woyendetsa takisi anagwa, ngakhale mkulu wina wopuma pantchito anapereka ndodo yake kwa mnzake n'kudzigwetsa yekha. Amene sanagwe anali a Pepani okha. Iwo ankathamanga uku ndi uku kutseka mipata ya siponji, mtima uli m'mwamba, poopa kuti wina amenyetsa mutu pa njerwa kunyumba kwawo.

Mantha amenewo ndi amene anamanga bwalo. Poona kuti amunawo abweranso Loweruka lotsatira, kaya aitanidwe kaya asaitanidwe, a Pepani anaganiza zowakonzera pogwera pabwino. Anatolera matayala akale a galimoto n'kuwayala pansi, pamwamba pake matabwa, kenaka siponji, n'kukuta zonse ndi lona yomwe anaikoka mpaka kulira ngati ng'oma. Wowotcherera anabweretsa mapolo anayi achitsulo, ndipo a Pepani anawaveka makhushoni. Zingwe anazilowetsa m'paipi yothirira maluwa kuti zisasupule misana. Atamaliza anakwerapo okha, anadumpha kamodzi, n'kutsika msanga asanaonedwe.

Akazi awo ankangoonerera zonsezi kufikira sabata imene amuna a msewu wonse anayamba kulowa m'sitolo ya mankhwala mmodzimmodzi, akutsimphina, kufuna mafuta opaka pamsana. Aliyense anali ndi bodza lake. Wina anati anagwa m'bafa, wina anati anagona molakwika. Chiwindi anati anatsetsereka atanyamula mwendo wa ng'ombe. Mayi aja anawagulitsa mafutawo mwaulemu, koma Loweruka lotsatira anatuluka m'khitchini atanyamula chivindikiro cha poto ndi supuni yaikulu, n'kuchiomba mpaka onse anakhala chete.

Anawauza kuti bwalolo ndi lawo, zingwe zoyanikira ndi zawo, ndipo mabala akachitika omanga adzakhala iwo, choncho mawu omaliza akhalanso awo. Analetsa kugwira khosi ndi kugwetsera munthu chamutu. Anati womwa mowa azionera kunja kwa zingwe, ndipo masewera asayambe zovala zisanaume. Amunawo anavomera ngati ana a sukulu. Wometa, pofuna kubweza ulemu wa amuna, anati popeza tsopano pali malamulo, ndiye kuti ili ndi bungwe, ndipo lizitchedwa Bungwe Lalikulu la Ogwetsana Padziko Lonse. Mayi aja anayang'ana mpanda, anayang'ana ndowa yochapira, n'kunena kuti dziko lonse limene iwo akuliona ndi kuseri kwa nyumba. Dzina linakhala lomwelo: Bungwe la Ogwetsana Kuseri kwa Nyumba. Wapampando, woimbira masewera ndiponso dokotala anali munthu mmodzi, mwini chivindikiro. A Pepani anasoka lamba wa katswiri kuchokera ku chikopa cha sofa ya kuofesi, pakati n'kukhomapo mbale yachitsulo yopukutidwa bwino.

Masabata oyamba anthu ankadzaza. Azimayi ankabwera ndi mipando yawo, ena ankasuzumira pampanda. Koma posakhalitsa anayamba kuchepa, ndipo chifukwa chake chinali choonekeratu. Amuna awiri a mimba akagwirana zenizeni, chimene chimachitika n'chakuti amaima malo amodzi, atakumbatirana, akupuma ngati mabasi okwera phiri. Wogwa ankakwiya, wopambana ankatopa moti sankatha kukweza mkono. Mayi wina anayasamula mokweza, n'kunena kuti bola akanatsala kunyumba kumaonera nkhuku zake.

Bungwe linakumana pa benchi ya m'shopu ya mipando. Wometa, amene anaonera masewerawa zaka zambiri kuposa onse, anati vuto si mphamvu. Anati anthu safuna kuona amene ali wamphamvu, amafuna munthu woti azimuda. Pafunika woipa, wonyoza, wobera, kuti tsiku limene adzagwe msewu wonse udzagone tulo tabwino. Ndipo kugwako azipangana okha pasadakhale, kuti misana ipume.

Onse anagwirizana nazo, koma woipayo anasowa. Wometa anati palibe angapereke khosi lake ku lezala la munthu woipa. Chiwindi anati iye akayamba kubera pabwalo, anthu ayamba kukayikira sikelo yake. Wa takisi anati iye akakhala woipa, takisi yake akwera ndani. Mmodzimmodzi anakana, mpaka maso onse anatembenukira kwa munthu amene ankasoka batani pa khushoni.

"Pepani," anayamba a Pepani, kutanthauza kuti iwo sangathe.

"Wavomera," anatero Chiwindi, n'kuwasisita pamsana mpaka timisomali tinagwa pakamwa.

Anayesa kufotokoza, koma aliyense anali atayamba kale kupereka maina. Linapambana linali la Chiswamsana. A Pepani anadzitonthoza ndi ntchito ya manja. Anasoka chophimba nkhope cha nsalu yofiira yotsala ku sofa ya ukwati, anaboola maso ndi pakamwa, n'kuzunguliza mphonje zagolide za makatani. Anasokanso mkanjo wakuda. Atavala n'kudziyang'ana pa galasi la wadiropu, anabwerera m'mbuyo pang'ono.

Chovuta chinali mawu. Lamlungu masana anayesa kubangula pamaso pa akazi awo, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati mbuzi ya chimfine. Mayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni. Atatha kuseka anawafunsa ngati pa zaka zonse zimene akhala akukonza mipando palibe amene anawapsetsapo mtima. A Pepani anati palibe. Kenaka anati mwina mmodzi, bambo uja amene ana ake ankadumpha pa sofa ngati achule, iye n'kumabwera kudzanena kuti misomali inali yofooka. Anakumbukiranso mayi uja amene anasintha mtundu wa nsalu ntchito itatha, n'kunena kuti a Pepani ndi amene samva. Anakumbukira zimene ankapeza akatsegula mipando ya anthu odzitama ndi ukhondo. Mawu anayamba kukwera okha. Pamene ankafika pa munthu wachisanu anali ataimirira, akuloza chala kabati, ndipo mphaka anali atathawira kunja.

Akazi awo anagwedeza mutu n'kunena kuti munthu wake ndi ameneyo. Anangowachenjeza chinthu chimodzi, kuti za masupuni ndi mafupa anene mmene angafunire, koma zopezeka m'mipando zimene zingathetse mabanja a anthu zitsale m'mipando momwemo.

Loweruka lija Chiswamsana anatuluka pakhomo la khitchini, mkanjo ukukwekwereka, anthu ochepa amene analipo n'kuyamba kuseka. Anakwera pabwalo, anawayang'ana mmodzimmodzi, kenaka analoza mayi uja wa nkhuku.

"Inu mukuseka chiyani? Masupuni amene munachotsera wantchito wanu aja ali m'sofa mwanu, onse, pamodzi ndi chipeso."

Kuseka kunasanduka phokoso lina. Chiswamsana anatembenukira kwa mkulu wa ndodo uja n'kumuuza kuti mano ake oikirira, amene ankati anabedwa kuchipatala, anawakhalira yekha chaka chonse. Anauza wa takisi kuti m'mpando mwake muli mafupa a nkhuku okwanira kumanga nkhuku ina. Anati msewu wonsewu ndi wa anthu auve, aulesi, okhala pansi mpaka siponji kupempha chifundo. Anthu anakuwa, ena anaponya makoko a malalanje. Wometa analowa ngati mpulumutsi, ndipo Chiswamsana anamupondaponda, anamukoka makutu woimbira atayang'ana kumbali, n'kumugwetsa monga anapanganirana. Ndi Wometa yekha amene anamva kuti nthawi iliyonse imene ankamenyetsedwa pa lona, m'khutu mwake munkalowa kamawu kakuti pepani.

Atavula chophimba chija m'khitchini, a Pepani anali thukuta lokhalokha. Akazi awo anaganiza kuti adwala. A Pepani anakhala pampando, anamwa madzi kapu yonse, n'kufunsa motsitsa mawu ngati anthu aja anawadadi. Atauzidwa kuti anawada kwambiri, anamwetulira mpaka makutu kusuntha.

Kuyambira pamenepo bwalo silinkakwananso. Panalibe amene sankadziwa kuti Chiswamsana ndi ndani, popeza pamsewu wonse munthu wamfupi wa mapewa amenewo anali mmodzi, ndipo nsalu yofiira ija mwini sofa anaizindikira tsiku loyamba. Komabe aliyense ankasunga mwambo wa masewerawo. Loweruka ankamutukwana Chiswamsana mpaka mawu kusasa, Lolemba n'kudutsa pashopu kupereka moni kwa a Pepani, ena n'kuwadandaulira za chimunthu choipa chija. A Pepani ankapukusa mutu n'kuvomereza kuti anthu ena analeredwa moperewera. Chimene chinasintha n'chakuti anthu anayamba kupisa manja m'mipando yawo ndi kuikutumula asanaibweretse.

Bungwe linapangana kuti Chiswamsana apambane mobera kwa miyezi ingapo, kenaka pa tsiku lalikulu adzalimbirane lamba uja ndi Wometa, n'kugonja. Tsikulo litayandikira, kunabwera foni yakuti achemwali ali m'njira, afika Lachisanu.

Achemwali sankadziwa chilichonse cha bungweli, ndipo a Pepani sankaona poyambira kuwafotokozera kuti mwana amene anamulera ndi manja awo amavala makatani kumaso n'kumatukwana anthu akuluakulu. Anapempha kuti masewera aimitsidwe. Wapampando, akazi awo aja, anakana, nati anthu auzidwa kale, ndipo alamu awo si galasi loti lingasweke. Atafika achemwali n'kufunsa za chinthu cha zingwe chili kuseri, a Pepani anati ndi bedi la kasitomala wamkulu thupi. Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti anthu a masiku ano akudya kwambiri.

Loweruka masana anthu atayamba kulowa, akazi a a Pepani anawaikira alamu awo mpando kutsogolo kwenikweni, n'kuwauza kuti pali timasewera ta amuna a pamsewu. Achemwali anakhala, chikwama pamiyendo, ambulera m'manja chifukwa cha dzuwa. Anafunsa kumene kuli mlongo wawo, ndipo anauzidwa kuti wapita kukasiya mpando, abwera posachedwa.

Chiswamsana atatuluka n'kuona nkhope ija kutsogolo, mawu anamuthawa. Anangozungulira bwalo kawiri. Koma gulu linayamba kumukuwiza, ndipo phokosolo linamulowa m'magazi monga mwa masiku onse. Ananyoza kumanja, ananyoza kumanzere, kutsogolo kokha ndi kumene anakulambalala. Achemwali anafunsa wa pafupi nawo kuti mwana wopanda khalidweyu ndi wa ndani, ndipo wofunsidwayo anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

Wometa analowa, anthu akumuimbira m'manja. Analimbana, anagubuduzana, anaponyana pa zingwe. Kenaka inafika mbali imene anakonza mosamala. Woimbira anatembenuka ngati akudzudzula Chiwindi, ndipo Chiswamsana anasolola mpando pansi pa bwalo. Unali wa siponji yokhayokha, wopakidwa utoto kuti uoneke ngati wathabwa, ntchito imene a Pepani ankainyadira mumtima. Anaukweza m'mwamba n'kumuphwanya nawo Wometa pamsana. Wometa anagwa ngati wafa, mwendo umodzi ukugwedera, monga anayeserera sabata yonse. Mwa pangano, anayenera kugona pang'ono, kenaka n'kudzuka mwamphamvu.

Sanapeze mpata wodzuka. Achemwali anali atasiya kale chikwama pampando. Anapinda diresi pang'ono, anawerama kudutsa pakati pa zingwe ndi msinkhu wawo wonsewo, ndipo ambulera inatera pa phewa la Chiswamsana. Inateranso pamsana, inateranso kumbuyo. Ankamenya akulankhula, kuti munthu wamkulu sangamenye mnzake woonda chonchi ndi mpando iwo akuona, ndipo ngati kwawo kunalibe omulangiza, lero wawapeza. Gulu linapenga. Chiswamsana anathawira pakona, ambulera inamutsatira. Anathawira pakona ina, anapunthwa pa miyendo ya Wometa, n'kugwa chagada. Achemwali anamuponda mkanjo kuti asadzuke, n'kukweza ambulera.

"Pepani, achemwali," anatero Chiswamsana ndi kamawu kakang'ono.

Ambulera inaima m'mwamba. Achemwali anawerama n'kuyang'ana m'mabowo a nsalu yofiira ija.

"Ndiwe?"

"Ndine. Mpandowo ndi wa siponji."

"Amene umatukwana anthu onsewa ndiwe?"

"Ndine, achemwali."

Achemwali anaweramuka. Anayang'ana gulu, limene linali litaimirira pamipando likukuwa kuti amumalize. Anayang'ana alamu awo, amene anali atagwira chivindikiro pakamwa kubisa kuseka. Anayang'ananso Wometa, yemwe anali atatsegula diso limodzi. Kenaka anakonza diresi yawo n'kukhala pa chifuwa cha mlongo wawo ngati akukhala pa sofa. Woimbira anagwada, anamenya lona katatu, n'kuomba chivindikiro. Chiwindi, amene anasungitsidwa lamba, anaona kuti palibenso china chochita, ndipo anakwera n'kuwamanga achemwali m'chiuno. Motero katswiri woyamba wa bungwe lija anakhala mayi wa imvi, wobwera pa basi, amene m'mawa wa tsikulo ankaganiza kuti bwalolo ndi bedi.

Anthu atabalalika, atatuwo anakhala m'khitchini akumwa tiyi, a Pepani atavula malaya, akazi awo akuwapaka mafuta m'mizere ya ambulera. Achemwali anali asanavule lamba. Anayamba ndi kukalipa, kuti anamizidwa ngati mwana m'nyumba ya mlongo wawo yemwe. Kenaka anayamba kutembenuza kapu m'manja. Anati zaka zonsezi, basi iliyonse imene ankakwera kubwerera kwawo, ankapita ndi nkhawa yakuti iwo akadzafa adzamulankhulira ndani mwanayu. Lero amva ndi makutu awo kuti pakamwa ali napo, ndipo ndi poipa kuposa pawo. Ananena zimenezi akuyang'ana pawindo, n'kupempha shuga wina.

A Pepani anangosuntha mbale ya shuga, maso ali pansi, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Lolemba achemwali analongedza chikwama, lamba n'kumuika pamwamba pa zovala. Wometa anabwera atavala jekete kudzafotokoza mwaulemu kuti lambayo ndi wa bungwe, ndipo mwa dongosolo anayenera kukhala wake. Achemwali anamufunsa kuti anamugoneka pansi Chiswamsana ndi ndani. Wometa anavomera kuti ndi iwo. Anamufunsanso kuti pa nthawiyo iye anali kuti. Wometa anati anali chigonere. Achemwali anatseka zipi, n'kumuuza kuti wofuna lambayo akudziwa kokwerera basi.

Palibe amene anapita. Bungwe linakula ndithu. Anyamata a misewu ina anayamba kubwera kudzalowa, ndipo aliyense watsopano ankayamba wadutsa m'manja mwa a Pepani, amene ankamuphunzitsa kugwa, kubisa chibwano ndi kumenya lona ndi manja kuti phokoso likule koma msana usamve kanthu. Osadziwa kugwa sankaloledwa kugwetsa mnzake. Chiswamsana anapitiriza kubera ndi kugonja, ndipo bondo litayamba kuvuta anachepetsa zodumpha n'kuchulutsa zonyoza, anthu n'kumuda koposa kale.

Za lamba zinavuta kwa nthawi. A Pepani ankakana kusoka wina, ponena kuti katswiri alipo kale ndipo sanagonje. Wapampando anagamula kuti asokedwe wachiwiri, azitchedwa lamba wa amene alipo. Amene anapambana anali Chiwindi. Nkhani itafika kwa achemwali, anaimba foni Loweruka lomwelo masewera ali mkati, n'kulamula kuti foniyo aikweze mawu kuti onse amve. Anafunsa kulemera kwa Chiwindi, anafunsa ngati mawondo ake ali bwino, kenaka anati abwera mwezi wa mawa ndipo agula ambulera yatsopano. Chiwindi anaseka pamodzi ndi anthu onse, koma Lolemba m'mawa anapezeka pashopu ya mipando, chipewa chili m'manja, akufunsa a Pepani ngati n'zotheka kusokera siponji m'kati mwa malaya mosaonekera. A Pepani analavulira timisomali m'dzanja, anatenga tepi, n'kumuuza kuti akweze mikono.